Holide ya ku Lusaka: Dzukani M'mamawa, Muuone Mzinda ndi Mapazi Anu

Mwezi wa August ukafika, mabasi ocokera ku Chipata, Katete, Sinda, Petauke ndi Nyimba amatula mabanja ambiri pa Intercity. Iyi ndiyo nthawi imene mlimi amapumako. Cimanga cili m'nkhokwe, nshawa ndi soya zapita ku msika, masukulu akutsekera, ndipo cionetsero ca zaulimi ndi zamalonda ca ku Showgrounds, cimene cimatha pa tsiku la alimi, Lolemba loyamba la mwezi umenewu, cimapatsa munthu mpata wokaona acibale a m'tauni. Kucokera ku Chipata ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 570, ndipo ndalama yake si yamasewera.

Koma tafunsani amene abwerako kuti, "Nanga ku Lusaka mwaonako ciani?" Ambiri adzakuchulirani Intercity, msika wa Soweto ndi TV ya m'nyumba ya alamu awo. Eni nyumba amalawirira ku nchito, alendo n'kutsala kuseri kwa geti. Kukweza banja la anthu 6 pa minibasi tsiku ndi tsiku kumadya ndalama ya feteleza, conco onse amangokhala, kuyembekeza nsima ya masana ndi ya madzulo. Pakatha masabata awiri, bambo amene kumudzi amadzuka tambala asanalire ayamba kudandaula msana, kudzimbidwa ndi kusowa tulo. Ana nawonso abwerera kusukulu alibe cokafotokozera anzawo.

Abale anga, ilipo njira yoonera mzinda uno imene silira ngakhale ngwee imodzi. Mmodzi kapena awiri a m'banja adzuke pa nthawi imene amadzukira kumudzi, avale nsapato, atuluke kukathamanga pang'onopang'ono kwa mphindi 30 kapena 40, maso ali uku ndi uku. Pobwerako amakhala atadziwa njira, ataona kumene kuli cinthu cofunika kuonetsa ana, atawerenga pa geti nthawi yotsegulira, ndiponso atayesa ngati agogo angafikeko wapansi. Masana banja lonse lipita kumene iwo anakazonda m'mawa. Wothamanga wa pa holide akhale mtumiki wa banja lake, wotsogola kukaona njira.

Nanga bwanji kuthamanga?

Kumudzi munthu wamkulu akathamanga, anthu amafunsa ngati nyumba yapsa kapena ng'ombe zalowa m'dimba. Kuno ku Lusaka palibe adzakudabwani. M'mbali mwa Independence Avenue, Great East Road ndi Leopards Hill Road mumadzaza azibambo ndi azimayi othamanga kunja kukangoca, makamaka pa Ciwelu, ndipo ena mwa iwo ali ndi imvi.

Ali m'minibasi amaona khosi la mnzake wakhala patsogolo. Woyenda pansi amaona zonse, koma pa ola limodzi amangoyenda makilomita 4 kapena 5, dzuwa n'kumupeza. Wothamanga mofatsa amatha mtunda womwewo pa mphindi 40, ndipo 7 koloko isanakwane, pamene magalimoto ayamba kuthinana ndi kufuka utsi, iye ali kale kunyumba. Mzindawu unamangidwa pamalo athyathyathya, opanda zitunda zolemetsa, ngakhale kuti uli pamwamba, mamita pafupifupi 1,280 kucokera pa nyanja yamcere. Ocokera ku cigwa ca Luangwa, monga ku Mfuwe, asadabwe akaona mpweya ukuwathera msanga masiku oyamba.

Mlimi anganene kuti, "Ine masewera anga ndi khasu." Ndi zoona kuyambira November mpaka kukolola. Koma miyezi ya cilimwe thupi limakhala, ndipo holide imaonjezapo tiyi wa shuga wambiri, buledi ndi zakumwa za m'mabotolo. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azigwiritsa thupi nchito yotulutsako thukuta kwa mphindi zosacepera 150 pa sabata, ndipo mwana mphindi 60 pa tsiku. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unacita pamodzi ndi WHO mu 2017 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu alionse m'Zambia ali ndi BP yokwera. Matendawa sasankha wa m'tauni yekha.

Kwa ofikira ku Kabwata

Amene acibale awo akhala ku Kabwata, Kamwala kapena Libala ali ndi mwayi, cifukwa mbiri ya dziko lathu ili pakhomo pawo. Yambirani pa Burma Road. M'mbali mwa mseu umenewu mudzaona tinyumba tozungulira tofolera ndi udzu, tooneka ngati tasocera pakati pa nyumba zosanjikizana. Pamenepo ndi pa Kabwata Cultural Village. Likulu la dziko litasamuka ku Livingstone kubwera ku Lusaka mu 1935, boma la atsamunda linamanga tinyumba totere mazanamazana m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940 kuti muzigona anchito acikuda. Kanyumba kalikonse kanali ka cipinda cimodzi, pakuti ankafuna manja a mwamuna cabe, mkazi ndi ana atsale kumudzi. M'zaka za m'ma 1970 tambiri tinagwetsedwa kuti amangepo mafulati, koma 43 tinasungidwa, ndipo mu 1974 malowa anaperekedwa kwa osema ndi oluka. M'mawa mudzangoona madenga ndi utsi wa mbaula. Masana bwerani ndi agogo, ndipo adzakumbukira amalume awo amene anapita ku nchito ku njanji n'kusiya banja kumudzi.

Pitirizani ndi Burma Road kulowera ku tauni mpaka mutafika pa Independence Avenue. Pamtunda wa makilomita 2 kapena 3 kucokera ku Kabwata mudzapeza ciboliboli ca munthu akudula maunyolo, cimene kwa zaka zambiri tinkaciona pa ndalama zathu za pepala. Ici ndi Freedom Statue, cimene cinaimikidwa mu 1974 pokumbukira zaka 10 za ufulu umene tinalandira pa 24 October 1964. Munthu amene anamufanizira ndi a Zanco Mpundu Mutembo, omenyera ufulu a ku Mbala. Pa 25 May caka ciliconse atsogoleri amaikapo nkhata za maluwa. Pafupi pomwepo pali nyumba yosungiramo zakale ya Lusaka National Museum, imene inatsegulidwa mu 1996. Polowa pamakhala kandalama, conco werengani mtengo m'mawa kuti masana mubwere mutakonzeka.

Tsiku lina tembenukirani kwina, mutsate Chilimbulu Road kudutsa Libala mpaka ku Chilenje, ndipo mufunse nyumba ya nambala 394. M'kanyumba kameneka ndimo munkakhala a Kenneth Kaunda ndi banja lawo kuyambira January 1960 mpaka December 1962, pa nthawi imene nkhondo ya ufulu inafika pacimake. Pabwalo pali galimoto ya Land Rover imene ankayendera. Mwana amene waona kucepa kwa zipinda zimenezo ndi maso ake sadzaiwalanso kuti dziko lino linabadwira m'komboni.

Pakati pa tauni penipeni, pa Cairo Road, pitani pa Sondo mbandakuca, Misa yoyamba isanayambe. Masiku ena onse mseuwu ndi wa magalimoto, ogulitsa ndi okankha mawilibala, koma pa Sondo m'mawa umakhala zii. Kucokera pa raundabauti ya Kafue, pamene pali nyumba yaitali ya Findeco House ya m'zaka za m'ma 1970, kufika pa raundabauti ya Kabwe, sipakwana makilomita 2. Dzina lakuti Cairo linacokera ku loto la Cecil Rhodes lomanga njira yocokera ku Cape Town kukafika ku Egypt. Kuseri kwake kuli Cha Cha Cha Road ndi Freedom Way, maina okumbutsa m'mene makolo athu anayankhira loto limenelo. Mbali inayo kuli njanji, pamene mzinda wonse unayambira mu 1905 ngati kasiteshoni kocepa kochedwa ndi dzina la mfumu Lusaaka.

Kukwera ndi Independence Avenue

Kucoka pa Freedom Statue kulowera kum'mawa, mseu ndi wotakata ndipo uli ndi mitengo. Pa kaphiri ka Cathedral Hill pali chalichi cacikulu ca Anglican ca Holy Cross, cimene cinatsegulidwa mu 1962. M'menemo ndimo atsogoleri a mipingo anakumanitsa a Kaunda ndi a Frederick Chiluba mu 1991, pamene dziko linali pa mkangano wa malamulo oyendetsera masankho a zipani zambiri. Anakambirana, masankho anacitika mu October caka comweco, ndipo boma linasintha popanda nkhondo.

Mukapitirira makhoti akuluakulu, moyang'anana ndi Cabinet Office pali Embassy Park, manda a atsogoleri a dziko. Pagona a Levy Mwanawasa amene anamwalira mu 2008, a Chiluba mu 2011, a Michael Sata mu 2014, a Kaunda mu 2021, ndi a Rupiah Banda mu 2022. Podutsa pamenepa cepetsani liwiro, monga timacitira podutsa pa manda kumudzi. Amene ali ndi mphamvu angakhotere ku Longacres kukaona chalichi cathu cacikulu ca Child Jesus pa Pope Square, pabwalo pamene Papa Yohane Paulo Waciwiri anacitira Misa mu May 1989. Cinadalitsidwa mu 2006, pa nthawi ya Ambuye Medardo Mazombwe, amene kale anali Episkopi wa ku Chipata ndipo mu 2010 anakhala Kadinala.

Kutsogolo kwa Independence Avenue kuli State House. Apa pali cenjezo. Musaime pa geti, ndipo musatulutse foni kuti mujambule, ngakhale mitengo ikongole bwanji. Citani cimodzimodzi podutsa malo alionse a asilikali, monga Arakan Barracks. Ingodutsani mwaulemu.

Ku Woodlands ndi ku Kabulonga

Kufupi ndi Libala, popita ku Woodlands, kuli mseu umene wothamanga aliyense ayenera kuupondako: Yotam Muleya Road. Yotam Muleya anali mnyamata wa ku Choma amene ankaphunzira za umisiri kuno ku Lusaka. Mu December 1958 anapita ku Salisbury, kumene lero ndi ku Harare, kukacita mpikisano wa mamailosi atatu. Poyamba ena mwa akuluakulu a masewera anakana kuti munthu wakuda athamange pamodzi ndi azungu. Atamulola, iye anathamanga wopanda nsapato n'kusiya kutali Gordon Pirie, Mngelezi amene anali atatenga mendulo ya siliva pa masewera a Olympics a 1956. Caka cotsatira, mu 1959, anapita ku America, ndipo anafera komweko pa ngozi ya galimoto m'cigawo ca Michigan. M'mapazi mwake munadzatsata Samuel Matete, amene anakhala katswiri wa dziko lonse pa liwiro lolumpha zopinga la mamita 400 ku Tokyo mu 1991, ndi Muzala Samukonga, amene anabweretsa mendulo ya mkuwa kucokera ku Olympics ya ku Paris mu 2024. Mwana wanu akathamanga nanu pa mseu umenewu, muuzeni za mwini dzinalo. Okonda mpira angapitirire kukaona bwalo la Woodlands Stadium, kwawo kwa timu ya City of Lusaka.

Ku Kabulonga ndi kumayadi. Miseu yake ndi yabata, ya mthunzi, ndipo mu September ndi October mitengo ya jakaranda imayala maluwa ofiirira pansi ngati mphasa. Kale dera ili linali la azungu okhaokha. Masukulu amene lero ndi Kabulonga Boys ndi Kabulonga Girls ankachedwa Gilbert Rennie ndi Jean Rennie, ndipo mwana wakuda sankaloledwamo. Lero mipanda ndi yaitali moti nyumba zake simudzaziona, koma diso la mlimi silisowa coona. M'mbali mwa miseu muli ogulitsa mbande za mapeyala, malalanje ndi mango akulumikiza. Imani, funsani mtengo, funsani m'mene amalumikizira, pakuti nzeru imeneyo mungapite nayo ku dimba lanu.

Cinanso cimene mudzaona ndi ici. Pamene inu muthamanga mwa kufuna kwanu, mudzakumana ndi mzere wa anthu oyenda mofulumira kucokera ku Mtendere, Kalingalinga ndi Bauleni: azimayi a nchito za m'nyumba, osamalira maluwa, ndi alonda amene akuweruka atacezera usiku wonse. Ambiri a iwo amalankhula cinenero cathu ndipo kwawo ndi kum'mawa konkuja. Apatseni moni ndi kuwapatukira njira. Acinyamata a kumudzi amene amalota kuti ku Lusaka ndalama amangotola ayenera kuona mzere umenewu ndi maso awo, kuti akadzasankha kubwera m'tauni adzasankhe akudziwa.

Kwa ofikira ku Chelstone

Chelstone ili pa Great East Road, mseu womwe uja wopita kwathu, ndipo cizindikiro cake ndi thanki yaitali ya madzi imene mumaiona polowa mumzinda. Thankiyo ndiyo bwenzi la mlendo: mukasocera, kwezani maso, muilondole. Mseu waukuluwo uli ndi mabasi ndi mathiraki othamanga kwambiri, conco masiku oyamba zungulirani m'tinjira ta m'kati monga Palm Drive. Kufupi komweko ndi kumene koleji ya NRDC yaphunzitsira alangizi a zaulimi ambiri amene takhala tikuwaona m'midzi mwathu.

Miyendo ikazolowera, lowerani ca ku tauni, kudutsa mlatho wa pamwamba wa pa Munali, mpaka ku University of Zambia, sukulu imene inayamba mu 1966. Pafupi ndi khomo lake pali maiwe ochedwa Goma Lakes, malo a udzu ndi mitengo kumene ophunzira amakonda kupumulira. Mtundawu ndi wautali, conco tengani ndalama ya basi yobwererera. Masana bwerani ndi mwana wanu amene ali ku sekondale. Kuona khomo la yunivesite ndi maso kumalimbitsa mtima kuposa kumuuza tsiku ndi tsiku kuti alimbikire sukulu. Kupitirira pang'ono kuli Showgrounds ndi Nyumba ya Malamulo pa Manda Hill, dera limene kunali mudzi wa mfumu Lusaaka.

Kudzisamala pa mseu

Gawo lalikulu la anthu amene amafa pa ngozi za pamseu m'dziko muno ndi oyenda pansi. Magalimoto athu amayenda kumanzere, conco inu thamangani kumanja, kuti muziona imene ikubwera. Valani malaya owala. Musatseke makutu ndi nyimbo za pa foni. Minibasi ikhoza kukhotera pambali nthawi iliyonse kondakitala akaona wokwera, ndipo ngalande zambiri zilibe zotsekera.

Musatuluke kukali mdima. Mu August dzuwa limatuluka itapitirira 6 koloko, pamene mu October kumaca msanga, 6 koloko isanakwane. Tsiku loyamba pitani ndi mwana wa pakhomopo amene adziwa njira, ndipo lembani pa kapepala dzina la mseu, nambala ya nyumba ndi foni ya eni nyumba. Mukakaika, funsani mlonda kapena mayi wogulitsa zitumbuwa, pakuti safunsa anadya phula. Ndalama zambiri ndi foni yodula zitsale kunyumba.

Yotam Muleya anapambana wopanda nsapato, koma munali m'bwalo la masewera. M'miseu ya Lusaka muli magalasi osweka ndi misomali. Nsapato zofewa za pa salaula ku Kamwala kapena ku City Market zikwanira, bola zisakuthineni. Mapatapata ayi. Madzi tengani a kunyumba, owiritsa kapena othira klorini. Tonse tikumbukira kolera ya 2017 mpaka 2018, ndi ya 2023 mpaka 2024 pamene bwalo la Heroes Stadium linasanduka cipatala.

Liwiro loyenera ndi limene mungathe kulankhula ndi mnzanu muli kuthamanga. Oyamba kumene athamange mphindi 2, ayende mphindi 2, motero motero, pakuti pang'onopang'ono ndi mtolo. Amene ali ndi BP, shuga, matenda a mtima kapena maondo opweteka ayambe aonana ndi a kucipatala, ndipo kwa iwo kuyenda ndawala n'kokwanira. Mukamva kupweteka pa cifuwa kapena cizungulire, imani pomwepo ndi kupempha thandizo.

Banja lisatsale m'mbuyo

Akuluakulu anati liwiro la mumcenga n'kuyambira limodzi. Holide ndi ya banja lonse, ndipo kuthamanga kukayamba kulanda banja nthawi yake, kwataya phindu. Uzani eni nyumba madzulo kuti mawa mudzalawira, mupangane za kiyi wa pa geti, ndipo musadzutse nyumba yonse. Kumbukirani kuti m'tauni madzi osamba ndi ogula. Bwererani tiyi asanaphikidwe, kuti a pakhomo asakudikireni ndi nkhawa.

Azibambo, si bwino kuti inu muzituluka m'mawa uliwonse amayi n'kutsala ndi ana ndi mbale. Sinthanani. Lero inu ndi mnyamata, mawa amayi ndi mtsikana wawo kapena ndi alamu awo, inu muli kusambitsa ang'onoang'ono. Amayi amene sakonda zovala zothina angamange citenje pamwamba pa buluku, ndipo palibe adzawaseka.

Ana apatseni nchito. Atenge kope, azilemba maina a miseu imene mwadutsa, ndipo madzulo mufunsane kuti anthu amenewa anali yani. Dedan Kimathi, mwini dzina la mseu wa pa Intercity, anali mtsogoleri wa nkhondo ya Mau Mau ku Kenya, ndipo Angelezi anamunyonga mu 1957. Haile Selassie anali mfumu ya ku Ethiopia. Ben Bella anali pulezidenti woyamba wa Algeria. Alick Nkhata anali woimba ndi muulutsi wa pa wailesi amene makolo athu ankamumvera, ndipo anaphedwa mu 1978 pamene asilikali a Rhodesia anaukira dera la Mkushi. Pomatha masabata awiri, kope limenelo lidzakhala buku la mbiri lolembedwa ndi mwana wanu yemwe.

Ndalama imene mwasunga posakwera basi masiku onsewo muiike pamodzi, kuti tsiku limodzi banja lonse lipite kumene mapazi sangafike. Kuli Lusaka National Park, nkhalango ya nyama imene inatsegulidwa mu 2015 ca ku Leopards Hill Road, ndiponso kuli Munda Wanga ku Chilanga.

Alimi anzanga, ndalama ya ulendo wa ku Lusaka ndi thukuta la caka cathunthu, ndipo si bwino kuti ithere pa mpando wa alamu. Polongedza nshawa, ufa ndi nkhuku za eni nyumba, ikanimonso nsapato zofewa ndi kope la mwana. Mukabwerera kwanu musaleke. Njira ya ku dimba, ya ku dibi la ng'ombe ndi ya ku sukulu nazonso zili ndi mbiri yake, ndipo agogo amene angaifotokoze akali moyo.